Yambani mwaona dayisi musanawonkhetse: za critical hit m'masewera a patebulo

Akonzi,

Ndipatseni malo m'nyuzipepala yanu ndiwongole lamulo limodzi limene limayambanitsa anthu osewera Dungeons & Dragons ndi masewera ena a mtundu wake. Awa ndi masewera amene anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi pepala la munthu wongopeka amene akumuimira, mmodzi n'kukhala woyendetsa nkhani, ndipo madayisi ndi amene amagamula ngati zimene munthu wayesa zatheka kapena ayi. Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewerawa ku America mu 1974. Lero malamulo oyambira a D&D komanso a Pathfinder amapezeka ulere pa intaneti, moti aliyense wokhala ndi foni angathe kuwawerenga. Vuto limabwera chifukwa mabukuwa ndi ambiri, ndipo anthu amatola lamulo m'buku ili n'kukalilowetsa m'buku lina, mosadziwa kuti lililonse linamangidwa pa masamu akeake.

Mkangano wake umakhala uwu. Wosewera waponya dayisi ya mbali 20, imene timaitcha d20, ndipo yagwa pa 16. Pa pepala lake ali ndi bonasi ya 4. Iye akuti 16 kuphatikiza 4 ndi 20, choncho wamenya critical hit, kumenya kwapadera kuja kovulaza mdani mowirikiza. Woyendetsa akukana. Ndani akulondola? Yankho likudalira buku limene lili pa tebulopo, koma m'mabuku onse amene ndifotokoze pano muyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri: nambala imene yaoneka pamwamba pa dayisi, ndi chiwonkhetso chimene chapezeka mutaphatikiza mabonasi ndi kuchotsa zochotsera.

Ndiyambe ndi D&D ya mtundu wachisanu, imene kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa mu 2014 n'kuikonzanso mu 2024, poti ndi imene ambiri amayambira. M'menemu woyendetsa ndiye akulondola. Critical hit imabwera pokhapokha dayisi yeniyeniyo ikaonetsa 20 pamene munthu akumenya. Zikatero wamenya basi, kaya nambala ya chitetezo cha mdani, yotchedwa AC, ndi yaikulu bwanji. Dayisi ikaonetsa 1 waphonya, ngakhale bonasi yake itakhala 15. Manambala onse a pakatipo amawonkhetsedwa ndi bonasi n'kuyerekezedwa ndi AC, ndipo ntchito ya bonasi imathera pomwepo. Munthu wa bonasi ya 5 akamamenya mdani wa AC 15 amafunika 10 kapena kuposa, ndiye amamenya maulendo 55 pa 100. Mukamuwonjezera 1 afika pa 60. Koma mwayi wa critical hit sunagwedezeke, ukadali 5 pa 100.

Apa pali njira yosavuta yothetsera milandu yambiri. Funsani kuti: kodi luso kapena matsenga amenewa akusintha dayisi, kapena akungosintha chiwonkhetso? Matsenga a Bless amawonjezera d4, dayisi ya mbali 4, pa chiwonkhetso, choncho 19 kuphatikiza 1 wa Bless si critical hit. Matsenga a Shield amakweza AC ndi 5, koma sangatchinge 20 ya pa dayisi, chifukwa 20 imeneyo siyang'ana AC n'komwe. Kubisala kuseri kwa khoma nakonso kumangokweza AC. Pomwe zinthu zokhudza dayisi mwini wake zimatha kubweretsa kapena kufafaniza critical hit. Luso la Lucky la a Halfling, mtundu wa anthu aafupi a m'masewerawa, limalola kuponyanso dayisi ikagwa pa 1, ndipo ikagwa pa 20 ulendo wachiwiriwo, ndi critical hit yokwanira. Luso la Portent limaika nambala yoponyedwa kale m'malo mwa dayisi, ndiye 20 yosungidwa m'mawa imagwira ntchito ngati 20 yeniyeni. Matsenga a Silvery Barbs amakakamiza womenya kuponyanso n'kutenga nambala yaing'ono, motero amatha kufufuta critical hit imene inali itagwa kale.

Advantage, kumene ndi kuponya ma d20 awiri n'kutenga yaikulu, ili m'gulu losintha dayisi, ndipo mphamvu yake anthu amaichepetsa. Mwayi woti imodzi mwa awiriwo igwe pa 20 ndi 9.75 pa 100, pafupifupi kuwirikiza. Disadvantage imafuna kuti onse awiri agwe pa 20, kamodzi pa 400. Wankhondo wotchedwa Fighter, wa gulu la Champion, akafika mlingo 3 wa ukatswiri amamenya critical hit pa 19 ndi 20, akafika mlingo 15 kuyambira pa 18. Manambala amenewa ndi a pa dayisi, osati a chiwonkhetso. Champion wa 19 ndi 20 akakhala ndi advantage mwayi wake umafika 19 pa 100, wa kuyambira 18 umafika 27.75. N'chifukwa chake wosewera wodziwa amalimbikira kugwetsa mdani pansi kapena kumudzidzimutsa m'malo mosaka bonasi ina ya 1.

Mdani wokomoka kapena wouma thupi ndi matsenga ali ndi lamulo lake: womumenya ali pafupi, mkati mwa mafiti 5, akamenya ndiye kuti ndi critical hit. Mawu oti akamenya musawadumphe. Ayenera kuponya kaye dayisi, ali ndi advantage, n'kufika pa AC. Apa bonasi imathandizira critical hit m'buku limeneli, poti kumenya kulikonse kumasanduka kowirikiza.

Tsopano kuwerengera kuvulaza, pamene pali chisokonezo chachikulu. Lamulo likuti madayisi onse ovulaza a kumenyako aponyedwe kawiri, awonkhetsedwe, kenako manambala okhazikika awonjezedwe kamodzi kokha. Tengani lupanga la 1d8, kutanthauza dayisi imodzi ya mbali 8, mwini wake ali ndi bonasi ya mphamvu ya 3, lupangalo lili ndi matsenga a 1. Kumenya wamba ndi 1d8 kuphatikiza 4, avereji yake 8.5. Critical hit ndi 2d8, madayisi awiri a mbali 8, kuphatikiza 4, avereji yake 13. Amene amawirikiza zonse amapeza 17, ndipo walakwitsa ndi mapointi 4. Pa lupanga limeneli kusiyanako n'kochepa, koma onani luso la Great Weapon Master la m'buku la 2014, lochotsa 5 pomenya n'kuwonjezera 10 povulaza. Lupanga lalikulu la 2d6, mphamvu 4, ndi 10 ameneyu, zimapereka avereji ya 21. Critical hit yolondola ndi 4d6 kuphatikiza 14, avereji 28. Kuwirikiza zonse kumapereka 42, ndipo chilombo chimene woyendetsa anachikonzera nkhondo ya maulendo anayi chimagwa pa ulendo wachiwiri.

Madayisi owonjezera amawirikizidwa nawo. Rogue, womenya mobisalira, wa mlingo 5 ali ndi 3d6 ya luso la Sneak Attack. Akabaya ndi lupanga la 1d8 ali ndi bonasi ya 4, avereji ndi 19, ndipo critical hit ndi 2d8, 6d6 ndi 4, avereji 34. Madayisi a Divine Smite a Paladin, wankhondo wopatulika, nawonso amawirikizidwa, ndipo poti Paladin amasankha kugwiritsa ntchito luso limeneli ataona kale kuti wamenya, ambiri amalisungira 20. Zotsatira zake n'zakuti m'buku lachisanu critical hit imakomera amene mphamvu yawo ili m'madayisi kuposa amene mphamvu yawo ili m'manambala okhazikika.

Pali tinthu titatu timene timakola ngakhale akatswiri. Koyamba ndi poizoni wofuna saving throw, dayisi imene munthu amaponya podziteteza ku choopsa. Kangaude wamkulu wa m'buku la zilombo la 2014 amaluma 1d8 kuphatikiza 3, kenako wolumidwayo amaponya dayisi yake kuti adule pakati 2d8 ya poizoni. Critical hit imawirikiza 1d8 yokha, chifukwa poizoniyo akugamulidwa ndi dayisi ina, osati ya kulumayo. Kachiwiri ndi maluso onena kuti onjezerani dayisi imodzi ya chida, monga Savage Attacks ya a Half-Orc mu 2014. Imodzi ndi imodzi. Nkhwangwa yaikulu ya 1d12 imakhala 3d12, avereji 19.5, pomwe lupanga la 2d6 limakhala 5d6, avereji 17.5, osati 6d6. Ndiye chida chimene chimachepera pang'ono pa kumenya wamba, 6.5 poyerekeza ndi 7, chimapambana pa critical hit. Kachitatu ndi resistance, imene imadula kuvulaza pakati. Imabwera pomalizira penipeni, zonse zitawonkhetsedwa, ndipo theka lotsala limatayidwa: 15 amasanduka 7.

Ena pofuna kufulumira amaponya dayisi kamodzi n'kuchulukitsa ndi 2. Avereji sisintha, koma kagwedwe ka manambala kamasintha. Ndi 2d8, nambala 16 imabwera kamodzi pa 64. Ndi 1d8 yowirikiza imabwera kamodzi pa 8, chimodzimodzinso nambala yotsikitsitsa ya 2. Tebulo likhoza kugwirizana kutero, koma lidziwe kuti lasankha masewera odumphadumpha kwambiri.

Nanga maganizo owirikiza zonse anachokera kuti? Sanangotuluka m'mutu mwa munthu. Mu D&D yachitatu ya 2000, yokonzedwanso ya 2003, komanso Pathfinder yoyamba ya kampani ya Paizo ya 2009, manambala okhazikika ndi amene amachulukitsidwa pamodzi ndi dayisi ya chida, pomwe madayisi owonjezera monga a Sneak Attack ndi a lupanga lamoto sachulukitsidwa. Ndi mosemphana kwenikweni ndi buku lachisanu. Chikwakwa chankhondo cha 2d4 chimachulukitsa kanayi. M'manja mwa munthu wa mphamvu 18, amene amapeza 6 pochigwira ndi manja awiri, critical hit ndi 8d4 kuphatikiza 24, avereji 44. Zochulukitsa ziwiri zikakumana sizichulukitsana: kawiri ndi kawiri ndi katatu, osati kanayi.

Koma mabuku amenewo anali ndi chitseko chachiwiri chimene anthu amaiwala akamabwereka lamulo la kuchulukitsa. Dayisi ikagwa pa nambala yoopseza, monga 19 kapena 20 pa lupanga lalitali, munthu amaponyanso kachiwiri ndi mabonasi omwewo kuti atsimikize. Akafika pa AC, ndi critical hit. Akalephera, ndi kumenya wamba. Apa bonasi ili ndi ntchito. Wa bonasi ya 8 pa AC 20 amamenya kuyambira 12, maulendo 45 pa 100. Amaopseza maulendo 10 pa 100, ndipo 45 pa 100 a amenewo amatsimikizika, kupereka 4.5. Mukamuwonjezera 1 zimakhala 5. Komanso nambala yoopseza imene si 20 simenya yokha. Lupanga la rapier lokhala ndi matsenga a keen limaopseza kuyambira 15, koma 15 kuphatikiza 5 pa AC 22 ndi kuphonya, palibe choti mutsimikize. Kuponya kwachiwiriku kunkachedwetsa masewera, ndipo ndikumvetsa chifukwa chimene anakuchotsera, koma kunkakonza chinthu chimodzi chenicheni. M'buku lachisanu, mdani wofooka amene angakumenye pa 20 yokha, nthawi iliyonse akakumenya ndi critical hit. M'buku lachitatu zimenezo zinkachitika kamodzi pa 400. D&D yachinayi ya 2008 inayesa njira yapakati: 20 imamenya nthawi zonse, koma imakhala critical hit pokhapokha chiwonkhetso chikafika pa chitetezo cha mdani, ndipo kuvulaza kumakhala nambala yapamwamba ya madayisi popanda kuponya.

Wosewera uja wa 16 ndi 4 akanakhala pa tebulo la Pathfinder yachiwiri, ya 2019, nkhani yake ikanamveka, ngakhale osati m'njira imene iye ankaganizira. M'menemo critical hit imabwera chiwonkhetso chikaposa AC ndi 10 kapena kuposerapo. Nambala 20 ya pa dayisi imangokweza zotsatira ndi sitepe imodzi, ndipo 1 imatsitsa ndi sitepe imodzi, pa masitepe anayi: kulephera koipitsitsa, kulephera, kupambana, kupambana kwapadera. Choncho chiwonkhetso cha 20 pa mdani wa AC 10 ndi critical hit, pa mdani wa AC 11 ndi kumenya wamba. Wa bonasi ya 4 akaponya 20 pa AC 30 amapeza 24, kulephera kumene kumakwezedwa kukhala kumenya wamba. Pa AC 34 nambala yomweyo ndi kulephera koipitsitsa, ndipo ikakwezedwa imakhalabe kuphonya. Kuvulaza kumawirikizidwa konse, madayisi ndi manambala omwe, kupatula zimene zimangobwera chifukwa cha critical hit, monga dayisi ya chida cha deadly, imene imawonjezedwa mutawirikiza kale.

Masamu ake ndi okoma kuwaona. Wa bonasi ya 9 pa AC 18 amamenya wamba kuyambira 9 mpaka 18, maulendo 50 pa 100, ndipo 19 ndi 20 ndi critical hit, maulendo 10. Mnzake akamupatsa 1, amamenya wamba kuyambira 8 mpaka 17, maulendo 50 omwewo, koma critical hit ikuyambira pa 18, maulendo 15. Poti critical hit iliyonse ndi kumenya kuwiri, wachoka pa 70 kufika pa 80, gawo limodzi mwa 7 kuwonjezera pa zimene amavulaza, chifukwa cha 1 yekha. Kuika mdani pakati pa anthu awiri kumatsitsa AC yake ndi 2, ndiye phindu lake ndi lowirikiza pamenepo. Kumbali ina, kumenya kachiwiri pa ulendo umodzi kumachotsa 5, kachitatu 10, ndipo critical hit ya kuposa ndi 10 ija imathawiratu, kutsala ya 20 yokha. Cholakwika chofala pa tebulo limeneli ndi kuunjika mabonasi a mtundu umodzi. Mabonasi awiri a status sawonkhetsedwa, mumatenga waukulu. Mukawawonkhetsa mwakweza kumenya ndi critical hit pa kamodzi, ndipo nkhondo zonse zimapepuka mopanda chifukwa.

GURPS ya kampani ya Steve Jackson Games imafikanso pomwepo kudzera njira ina. Mumaponya 3d6 n'kufuna nambala yosaposa luso lanu mutaphatikiza kale zowonjezera ndi zochotsera. Nambala 3 ndi 4 ndi kupambana kwapadera nthawi zonse, 5 imalowa luso likafika 15, ndipo 6 imalowa likafika 16. Mwa njira 216 zimene madayisi atatu angagwere, zopambana mwapadera ndi 4, kenako 10, kenako 20. Munthu wa luso 16 akavomera kuchotseredwa 2 kuti alunjike mwendo, watsitsa mwayi wake wapaderawo kuchoka pa 20 kufika pa 4.

Ndibwerere ku buku lachisanu, chifukwa pali malamulo awiri opeka pa tebulo amene ndikuwatsutsa ndi mtima wonse. Ndikudziwa kumene loyamba limachokera. Zimawawa kuponya 20, tebulo lonse n'kukuwa, kenako 2d8 n'kugwa pa 1 ndi 1, kupereka 6 pomwe kumenya wamba kukanatha kufika 12. Ndiye ena amati dayisi yoyamba itengedwe pa nambala yake yapamwamba, yachiwiri yokha iponyedwe. Lupanga lija limapereka avereji ya 16.5 ndipo silitsika pa 13. Koma lamulo limagwiranso ntchito kwa zilombo, ndipo chilombo chimaoneka pa nkhondo imodzi pomwe wosewera amalandira mikwingwirima miyezi yonse ya nkhaniyo. Tengani Wizard, wamatsenga, wa mlingo 1 wokhala ndi mapointi a moyo 8, ndi Orc wa m'buku la 2014 womenya 1d12 kuphatikiza 3. Lamulo limati kuvulaza kotsala munthu atafika pa 0 kukafanana ndi mapointi ake onse, wafa pomwepo. Kwa Wizard ameneyu malire ndi 16. Critical hit ya m'buku, 2d12 kuphatikiza 3, imafika pamenepo maulendo 78 pa 144, zomwe ndi zoopsa kale. Ndi lamulo lopeka lija, 12 kuphatikiza 3 kuphatikiza dayisi ina sizingatsike pa 16. Aliyense wa mapointi 8 amene Orc wamuponyera 20 wafa, popanda mnzake aliyense kupeza mpata womupulumutsa. Amene akufuna lamuloli alisiyire osewera okha, kapena adikire mpaka afike mlingo 3.

Lachiwiri ndi loti 1 ya pa dayisi ichititse ngozi, monga kutaya lupanga kapena kubaya mnzako. M'buku mulibe zimenezo, 1 ndi kuphonya chabe. Wongoyamba womenya kamodzi pa ulendo amakumana ndi 1 maulendo 5 pa 100. Fighter wa mlingo 20 amamenya kanayi, ndiye mwayi woti 1 ituluke pa ulendo umodzi ndi woposa 18 pa 100. Katswiri wa lupanga akusanduka wotaya lupanga kuposa wophunzira, pomwe wamatsenga amene amangochititsa adani saving throw sakhudzidwa n'komwe. Ngati tebulo likuumirira, ngozi igwire pa kumenya koyamba kokha kwa ulendowo, kuti aliyense akhale pa 5 pa 100.

Chinanso n'chakuti 20 ndi 1 zili ndi mphamvu imeneyi pomenya pokha, kuphatikizapo dayisi yoponya munthu ali pakati pa moyo ndi imfa, pamene 20 imamudzutsa ndi pointi imodzi ndipo 1 imawerengedwa ngati kulephera kuwiri. Pokwera khoma, ponyengerera mfumu, kapena pa saving throw wamba, 20 imangowonkhetsedwa ndi bonasi ngati nambala ina iliyonse. Wizards of the Coast inayesapo mu 2022 kuti 20 ipambane paliponse, koma lamulolo silinalowe m'buku la 2024. Masewera a pa kompyuta a Baldur's Gate 3, a 2023, amalola zimenezo, ndipo amene anayambira kumeneko amafika pa tebulo akukhulupirira kuti ndi mmene buku limanenera. Woyendetsa amene akuona kuti chinthu n'chosatheka asalole n'komwe kuti dayisi iponyedwe.

Pempho langa kwa oyendetsa ndi lakuti wosewera azitchula manambala awiri mokweza, wa pa dayisi kenako chiwonkhetso: "16 pa dayisi, 20 zonse." Dayisi isatoledwe onse asanaione. Pa pepala, mzere wa chida ulembedwe mogawa, madayisi paokha ndi manambala okhazikika paokha, ndipo pansi pake palembedweretu mzere wa critical hit, monga 2d8 + 6d6 + 4, wokonzedwanso nthawi iliyonse munthu akakwera mlingo. Malamulo opeka alembedwe pa pepala limodzi tsiku loyamba, ndipo pa lililonse pakhale yankho la funso loti kodi zilombo nazonso zililandira.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda masewera a patebulo